Mkazi Mnzanga wa mu Furiji

Amuna anga ali ndi akazi awiri. Woyamba ndine, amene anandikwatira anthu akuona. Wachiwiri amakhala m'furiji mwanga, pa shelefu ya pamwamba, m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu. Ndi yisiti. Ee, yisiti wofululira mowa, wotuwa ngati matope a m'ngalande, ndipo wakhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi. Mkaka wa ana unkapanikizika pachitseko, majarini pansi, koma iye pamwamba yekhayekha, shelefu yonse yake.

Musaseke, inu. Pakhomo panga pomwe, ine ndimachita kupempha kuti nditsegule furiji. Ndikangochedwa kutseka, mawu amachokera kuchipinda: "Mayi, akumva kutentha uyo." Koma ine ndikatentha thupi amangoti, "Mwamwa mankhwala?" basi n'kupitiriza kumanga nsapato. Malo anga enieni m'furijimo ndi kabati ya pansi ya masamba, ndipo kumeneko iwo sanasuzumireko chikwatirane, poti sadziwa n'komwe kumene tomato amagona.

Anthu amawatchula kuti a Thovu. Dzinali analitengera ku fakitale yaikulu ya mowa kumene anayamba ntchito ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ntchito yake inali yotsuka matanki. Ankalowa m'thanki m'mawa ndi burashi yaitali, n'kutulukamo masana thovu la sopo lili mpaka m'makutu. Anakwawa m'matankimo zaka zisanu ndi zinayi asanaloledwe kukhudza thumba la chimera. Amene anawaphunzitsa kufulula anali mkulu wina wosadziwa kuseka, ndipo phunziro lake linali limodzi: wofulula mowa ndi yisiti, anthufe ndife omutsukira mbale. Mpaka lero a Thovu akagwira chinthu amayamba achiwiritsa kaye. Supuni, chivindikiro, kansalu, zonse. Ine ndinapulumuka chifukwa sindikwana mumphika.

Fakitale ija itagulidwa ndi anthu ena n'kutsekedwa, tsiku lomaliza aliyense anatuluka ndi kanthu. Wina mpando, wina payipi, wina anachita kubwereka wilibala. Anga anabwera ndi botolo m'jekete, atalikumbatira pachifuwa. Ati mkulu uja wawapatsa, ndipo ameneyu ndi yisiti yemwe wakhala akufulula mowa wa fakitaleyo kuyambira iwo asanabadwe. Ine n'kuti, "Ndiye tidya yisiti?" Anangosuntha mkaka.

Kwa amene simudziwa, chinthuchi n'chamoyo, chimadya. Lamlungu lililonse a Thovu amawiritsa madzi a chimera, kuwaziziritsa, kukhuthula za pamwamba m'botolo muja n'kuthiramo atsopano, pakamwa atamangapo kansalu kuti asapumiremo. Amatsegula Lamlungu lokha, tsiku lina ayi. Chimera chake amasunga m'chitini kuseri kwa chitseko, ndipo chaka ndi chaka amatchera makoswe amene ati amawabera. M'botolomo mukalowa kachilombo kamodzi kochokera pa chala kapena mpweya wa munthu, basi, yisiti wapenga. Mowa wake wonse uzisasa ngati viniga, ndipo palibe mankhwala ake.

Zaka zimene analibe fakitale, akulondera sitolo ya zitsulo, kenako akuyendetsa lole ya matabwa, Lamlungu silinawadutsepo. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anawachita opaleshoni ya m'mimba. Anatsitsimuka ine ndili pambali pa bedi, maso atatupa n'kulira. Mukuganiza kuti mawu awo oyamba anali onena za ine kapena ana? Anati, "Mwamudyetsa?" Anandilongosolera zonse ali chigonere, kapayipi kali m'mphuno, ndipo milungu itatu imeneyo ndinadyetsa mkazi mnzanga ndi manja angawa, ndikutukwana.

Mwayi unabwera ndi Adokotala. Awa ndi dokotala wa mano amene atapuma pa ntchito anaona kuti azula zokwanira, tsopano asangalatseko anthu. Anagula matanki atatu aang'ono n'kuwaika m'nyumba ina yomwe kale ankamatiramo matayala, kuseri kwa msewu waukulu. Kutsogolo anaikako kauntala ya thabwa lochindikala, mipopi isanu, matebulo asanu ndi atatu ndi mababu olendewera opanda chophimba, ati ndiye fasho. Pakati pa matanki ndi matebulo pali khoma lagalasi, kuti womwa aziona kumene mowa wake ukuchokera. A Thovu anatsika pa lole n'kuvalanso ovolosi. Mowa wake ine sindimwa, koma ndinaona ndi maso anga bambo wina wamkulu ataulawa n'kuvula chipewa.

Vuto linali limodzi: anthu. Lachitatu masana mumapezeka makasitomala anayi, awiri mwa iwo odwala akale a Adokotala odzawaonetsa nkhama mwaulere. Zaka zitatu zinatha choncho. Tsiku lina Adokotala ananena mosapsatira kuti chipindacho chikapanda kudzaza mwezi umenewo, agulitsa matanki, nyumbayo alowemo ogulitsa matailosi. Atatero anabweretsa katswiri.

Anali mtsikana wooneka bwino, wa magalasi amaso aakulu ongovalira fasho, mafoni awiri, ndi kandodo kachitsulo kopanira foni kunsonga. Ntchito yake, ati, ndi kuika tinkhani pa masamba a mchezo: tikanema ta masekondi khumi ndi asanu timene timaoneka pa foni tsiku limodzi, mawa lake n'kuzimiririka tokha.

A Thovu anafunsa kawiri. "Mwati timazimiririka? Ndiye tikuvutikiranji?"

Mtsikana anaseka. "Ankolo, masiku ano anthu sagula mowa. Amagula nkhani."

Dzina lake lenileni palibe analisunga, chifukwa kuyambira tsiku lomwelo mawu ake anali amodzimodzi, ndipo tonse tinangomutcha Tayambiraninso.

Anabwera ndi mndandanda, tsiku lililonse ndi zake. Lolemba linali la "Dziwani wofulula wathu". A Thovu anayenera kutulukira kuseri kwa thanki, kupinda manja pachifuwa, n'kumwetulira. Munthu amene pa chithunzi cha ukwati wathu amaoneka ngati akumuwerengera mlandu! Anatulukira kuseri kwa thankiyo kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. "Tayambiraninso, ankolo, mano aoneke." Adokotala atangomva za mano analowererapo, ati la kumanzerelo likufunika kuliona bwino.

Lachiwiri linali lothira mowa m'tambula mwapang'onopang'ono. Zaka zonsezi a Thovu amanyadira kuti thovu lawo limaima zala ziwiri osasefukira. Anauzidwa kuti alisefukiritse dala, poti losasefukira silikopa maso, ndipo anakolopa pa kauntala kakhumi. Lachitatu linali la agalu: bwerani ndi galu wanu timujambule. Kunabwera agalu asanu ndi anthu atatu, ndipo onse asanu ndi atatu anamwa madzi. Lachinayi kunali mafunso akuti "Kodi inu ndinu mowa wanji?" Ine ndinayankha pa foni ya mwana wanga wamkazi, n'kundiuza kuti ndine wakuda wowawa. Sindinatsutse. Lachisanu linali la gule. Za gulezo sindinena, ndi amuna anga. Ndingoti majombo sanawapangire zimenezo, ndipo kutchalitchi anthu anandipatsa moni wachisoni masabata awiri.

Manambala ankakwera. Tayambiraninso ankatembenuza foni kuonetsa Adokotala kuti aona anthu zikwi zitatu, mawa lake zikwi zisanu. Adokotala ankayang'ana foni, n'kuyang'ana mipando, n'kuyang'ananso foni.

"Nanga ali kuti?"

"Akubwera, Adokotala. Panopa tikuwakonza kaye maganizo."

A Thovu ankafika kunyumba atatopa kuposa masiku a lole. Ankati pa tsiku akufulula maola awiri, maola asanu ndi limodzi akuyerekeza kufulula. Koma ankapirira. Akatsegula furiji n'kuona botolo lawo lili phee pamalo pake, mtima unkakhala pansi, tiyi n'kumweka.

Ndiye kunabwera ganizo lalikulu. M'thanki yapakati munali mowa watsopano ukuwira. Tayambiraninso anati anthu a pa foni asankhe okha dzina lake, ndipo tsiku lililonse kazituluka kakanema kowerengera masiku otsala kufikira Loweruka lomaliza la mwezi, tsiku loutsegulira. A Thovu anapereka dzina lawo laulemu, koma linapeza mavoti anayi, imodzi yanga. Linapambana ndi lakuti "Apongozi Agona".

Tikanema towerengera masikuto tinkafuna kuonetsa m'kati mwa thanki, mowa ukuchita thovu. A Thovu anakana kwamtuwagalu. Anati chivindikiro cha thanki sichitsegulidwa mowa ukuwira, kaya abwere ndani. Anamulozera kazenera kagalasi ka m'mbali. Mtsikana anati pakazenerapo sipalowa kuwala, koma sanalimbane nawo. Anangodikira ola limene a Thovu amakadya pabenchi kuseri kwa nyumba, n'kupempha Adokotala, eni ake matanki, kuti amugwirire makwerero. Masiku asanu otsatizana kandodo kaja kanatsikira m'thanki, foni ili kunsonga. Kandodo komwe kaja kogona pansi pa matebulo, konyambitidwa ndi agalu a Lachitatu! Ine tikanemato ndinkationa pa foni ya mwana wanga n'kumati koma ndiye a Thovu afewa masiku ano. Iwo foni yawo ndi yamabatani, sanaone kalikonse.

Lachisanu m'mawa analawa mowawo m'katambula kakang'ono monga amachitira. Ati sanachite kumeza. Atafunsa, Adokotala anavomera okha, maso ali pansi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa. Thanki yonse inali itayamba kusasa, pamodzi ndi yisiti wa pansi pake yemwe akanafululira mowa wotsatira. Matanki awiri enawo anali otsukidwa, opanda kanthu, akudikira yisiti yemweyo. Wabwino anatsala ndi wa pa shelefu ya pamwamba m'furiji mwanga.

"Uwu tiutaya," anatero a Thovu. "Mawa tigulitsa wakale wa m'migolo. Lolemba ndiyambiranso ndi wa kunyumba."

"Koma anthu avota, ankolo! Akabwera n'kupeza palibe chatsopano atiyalutsa pa foni." Mtsikana anaima kaye, maso n'kuwala. "Mwati wa kunyumba? Muli ndi yisiti kunyumba? Wa zaka zingati?"

Apa ndiye pakamwa panawapachika. Munthu wosalankhula uja, ukamufunsa za yisiti amasanduka wailesi. Anafotokoza zonse: za mkulu wosaseka, za jekete, za Lamlungu. Mtsikana anachita kugwira pachifuwa. Pofika masana kakanema kanali katatuluka kale: "Mawa! Dzakumaneni ndi Mayi wa mowa wathu!"

A Thovu anafika kunyumba dzuwa likadalipo, n'kuima kutsogolo kwa furiji osaitsegula. Atandiuza zonse ndinati, "Musapite naye." Ee, ineyo ndi amene ndinatero.

"Adokotala andipempha, mayi. Anandichotsa pa lole aja. Mawa kukapanda kudzaza, matanki apita."

"Ndiye tengani botolo lina muthiremo ufa ndi madzi. Akadziwa ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Ine sindinanamizepo munthu pa mowa."

"Chabwino, gawani, wina atsale kuno."

"Kugawa ndiye kutsegula, ndipo lero si Lamlungu. Sakatsegulidwa, mayi. Ola limodzi basi, m'ndowa ya ayezi, ine ndili pomwepo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kanthu kena, koma ndinakameza. Ndinangoti ndipita nawo ndikawanyamulire ndowa.

Loweruka masana kunadzaza, abale. Walira mvula walira matope. Anthu zikwi zija sanabwere onse, koma amene anabwerawo anakwanira kutseka mpweya. Anali achinyamata okhaokha, aliyense foni m'mwamba. Tambula imodzi ankagula anthu atatu, n'kumasinthana kuigwira pojambulitsa, thovu mpaka kugona mowa usanamwedwe. Ine Tayambiraninso anandikhazika pazenera la kumsewu n'kundipatsa tambula. "Anti, musamwe, mungoigwira. Muziseka, odutsa aziona kuti muno n'mosangalatsa." Mayi wamkulu ngati ine kusekera zenera! Ndinaseka ndithu, poganiza za matanki.

Botolo linali pa kauntala, m'ndowa ya ayezi, nyale yozungulira ikuliwalira. Anthu anafola mzere kuti ajambulitse nalo. A Thovu anaima pambali pake manja kumbuyo, ndipo aliyense wosendera kwambiri ankangomuyang'ana, munthu n'kubwerera yekha. Mphindi makumi anayi zinatha bwinobwino, ine n'kumati mwina ndinkangoopa mthunzi wanga.

Kenako mnyamata wina wa kandevu kosongoka anafuula kuti iye anavotera Apongozi Agona, ndipo sachoka asanaulawe. Tayambiraninso anazemba, n'kukatunga pang'ono pa kampopi ka thanki yapakati. Mnyamata anamwa, nkhope n'kukwinyika ngati waluma ndimu, koma poona mafoni akumuloza anaiwongola msanga. Anati mowawu ukumveka zipatso zakupsa ndi kamphepo ka m'nkhalango. Basi, aliyense anayamba kuufuna. Adokotala anayamba kuyang'ana thanki ija ndi maso ena.

A Thovu anatuwa. Zaka makumi atatu ndi kuposa, palibe munthu anamwapo mowa wosasa wochokera m'manja mwawo. Anagwira Adokotala pamkono. "Mundiyang'anire botololi, musachokepo." Analowa kuseri kwa khoma lagalasi, kulumikiza payipi, n'kutsegula kuti Apongozi onse apite m'ngalande. Theka la anthu linatembenukira kugalasi kukajambula. Adokotala anaimadi pa botolo, mpaka mayi wina anawazindikira n'kuyasamula kuti amuonere dzino la kumapeto.

Ndinamva wina akudandaula kuti Mayi sakuoneka bwino, galasi lachita nthunzi. Tayambiraninso analitulutsa m'ndowa n'kulipukuta ndi malaya ake. Linachitanso nthunzi. Ndiye ndinaona dzanja lake likupotokola chivindikiro.

Ndinakuwa, koma nyimbo zinali pamwamba. Ndinataya tambula ija n'kuyamba kudzipanikiza pakati pa matebulo, ndikukankha ana a eni ake ndi zigongono. Botolo linali litayamba kale ulendo, dzanja ndi dzanja. Uyu kununkhiza, uyo kununkhiza. Mtsikana wina anayetsemula. Wina anapisamo chala n'kunyambita, ati kakukoma ngati buledi. Wa kandevu uja anathiramo mowa wa m'tambula mwake, wosasa uja, ati Mayi amweko nawo. Pamene ndinkalilanda n'kuti litafunda, m'mphepete muli chizindikiro chofiira cha milomo ya munthu.

A Thovu anatulukira, majombo ali chonyowa. Anayang'ana botolo, n'kuyang'ana chivindikiro chili chagada pa kauntala pakati pa matambula. Sanakalipe. Mwina akanakalipa zikanandipepukira. Analitenga m'manja mwanga, n'kulitseka pang'onopang'ono, ngati kutsekako kukadali ndi ntchito.

"Ankolo, nkhope imeneyo!" anatero Tayambiraninso, foni ili m'mwamba. "Tayambiraninso, sindinaigwire bwino."

Zimene ndinamuuza sindingazilembe pano, ana anga amawerenga. Anatsitsa foni. "Koma anti, ndangotsegula pang'ono." Ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti sankanama. Mwana uja analibe mtima woipa. Kungoti kwa iye chinthu chikapanda kuoneka pa foni ndiye kuti kulibe, ndipo tizilombo sitioneka pa foni.

Lamlungu m'mawa, koyamba pa zaka khumi ndi zinayi kupatula milungu ya m'chipatala ija, a Thovu sanawiritse madzi a chimera. Anakhuthulira botolo lija m'sinki, kutsegula mpopi, n'kuimirira mpaka zonse zitapita. Analitsuka, kuliwiritsa mwachizolowezi, n'kulivundikira pa thaulo. Kenako foni yawo yamabatani inalira. Anali Adokotala, ndipo mawu awo ndinkawamva ndili pa chitofu. Ati matanki sagulitsidwa, dzulo kunali anthu kuposa mwezi wathunthu, kakanema ka kutaya mowa kaonedwa ndi anthu zikwi makumi awiri. Za yisiti apepesa kwambiri, koma asadandaule, mawa ayitanitsa wa m'paketi kwa ogulitsa zipangizo.

A Thovu anathokoza mwaulemu n'kuika foni patebulo. Analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi ovolosi yopindidwa bwino, n'kuiika pampando.

"Wa m'paketi aliyense akhoza kufulula naye," anatero. "Malangizo ali kuseri kwa paketiyo. Kumeneko sikufunikanso ine."

"Ndiye mubwerera pa lole? Ndi msana umenewo?"

"Mkulu uja anandipatsa m'manja, mayi. Iye anamusunga zaka makumi anayi. Ine ndakamupereka kwa anthu kuti anunkhize."

Mwana wathu wamkazi, pofuna kuwatonthoza, anasuzumira pakhomo n'kunena kuti asadandaule, ikamakwana fili koloko tikanema tonse ta dzulo tizimiririka, palibe adzazikumbukire. Ndinamuyang'ana, iye n'kudziwa yekha kuti kunja kukumufuna.

A Thovu anakoka kampando n'kukhala moyang'anana ndi furiji. Anaitsegula, osatengamo kanthu. Shelefu ya pamwamba inali mbee, pakati pali kabwalo koyera pamene botolo linkakhala. Zaka khumi ndi zinayi ndinkaipempherera shelefu imeneyo. Ndinali nditakonza kale zimene ndidzaikepo tsiku limenelo. Koma nditaiona ilidi yopanda kanthu, mwamuna wanga ali khuma pakampando, furiji ili chitsegulire osadandaula kuti wina akumva kutentha, ndinalira.

Ndinapukuta misozi n'kuwauza kuti asunthe miyendo. Ndinagwada, kukoka kabati yanga ya masamba, kuchotsa kabichi, kuchotsa tomato, kuchotsa karoti. Kumapeto kwenikweni kunali jumbo yakuda yomangidwa pakamwa. Ndinaimasula n'kutulutsa kabotolo ka jamu, n'kukaika patebulo.

A Thovu anakayang'ana nthawi yaitali. Pansi pake panali kotuwa koyera bwino, pamwamba madzi a chimera ali mbee.

"Ichi n'chiyani?"

"Mukufunsa ngati simukumudziwa."

Ndinawauza zonse, nditayang'ana kumbali chifukwa cha manyazi. Sabata yachiwiri ali m'chipatala muja, adokotala a kumeneko ananditengera pakhonde n'kundiuza kuti ndikonzekere chilichonse. Lamlungu limenelo, ndikudyetsa botolo lawo, ndinatapako supuni ziwiri n'kuika m'kabotoloka. Ndinkati ndikalakwitsa pa lalikulu, pakhale potsalira. Komanso, zoona zake, ndinkati akapanda kubwerako, m'nyumba muno mutsale kanthu kawo kamoyo kondivutitsa. Atachira ndinasowa poyambira kuwauza. Ine amene ndinkatukwana mkazi mnzanga pamaso pa alendo, ndivomere kuti ndikulera mwana wake? Kukataya nakonso kunandikanika. Ndiye ndakhala ndikukadyetsa Lachiwiri lililonse iwo akapita kuntchito.

"Chimera mumachitenga kuti?"

"Makoswe aja ndine."

Kenako mafunso anayamba, ngati kupolisi.

"Supuni mumawiritsa?"

"Mphindi khumi."

"Pakamwa?"

"Ndimamanga mpango."

"Madzi mumawaziziritsa atavindikiridwa?"

"Mukundiyesa Adokotala kodi?"

"Nanga Lachisanu lija osandiuza bwanji?"

"Mukanamutenganso uyu kuti mukaonetse anthu Mayi ndi mwana."

Anawerama n'kuyang'ana kabotoloko molunjika ndi kuwala kwa pazenera, osakakhudza. Mwamuna amene sanalire pa maliro a fakitale, amene sanalire dzulo pamaso pa mafoni, misozi inali chuchuchu mpaka m'ndevu.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, mayi?"

"Musandiyang'ane choncho. Sindimukonda ayi. Kungoti nayenso ndi wa m'nyumba muno."

Anatambasula dzanja. Ine ndinakokera kabotolo kwanga.

"Uyu ndi wanga," ndinatero.

Anabweza dzanja n'kuliika pabondo. Kenako analankhula motsitsa, mmene ine ndakhala ndikulankhulira zaka zonsezi ndikafuna kutsegula furiji yanga yomwe.

"Mungandigawireko supuni imodzi? Lero ndi Lamlungu. Ndimukulitsa pang'onopang'ono, milungu iwiri adzutsa thanki."

"Foni isadzamuone."

"Sidzamuona."

"Ndipo shelefu ya pamwambayo tigawana pakati. Mkaka wavutika mokwanira."

"Tigawana."

"Chabwino. Tenthetsani madzi, ndipo mukasambe m'manja."

Anadzuka msangamsanga, mpando mpaka kugwa. Anaika mphika pamoto, kuponyamo supuni, n'kupita kusinki. Ndinamva madzi akutsika, sopo akuterereka. Posakhalitsa anabwera n'kuima patsogolo panga, manja ali m'mwamba, madzi akudontha m'zigongono. Ndinawagwira n'kuwatembenuza uku ndi uku. Manja ong'aluka ndi sopo wa zaka makumi atatu, zikhadabo zodulidwa mpaka pamnofu. Panalibe kadothi ngakhale kamodzi, ndipo m'tauni yonse munalibe manja oyera kuposa amenewo.

"Tayambiraninso," ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kubwerera kusinki. Madzi atayambanso kutsika ndinawamva akuseka, koyamba mwezi wonsewo.